Makina a khofi amene anadya mbuzi yanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalumbira koyamba kuti munthu wamkulu, wa tayi pakhosi, ndimuchititsa manyazi chilumba chonse chikuona. Pano ndangolemba kumene mayeso a Fomu 4, ndikungodya za amama podikira zotsatira, ndiye nthawi yokumbukira adani anga ndili nayo yambirimbiri. Woyamba pa onsewo ndi bambo Zimba.

Koma tiyambire pa khofi. Adada anakhala ku Joni zaka zambiri akulondera nyumba ya bwana wina. Anzawo anabwerako ndi malata ndi mainjini a boti. Iwo anabwerako ndi jekete lachikopa ndi ludzu la khofi. Tiyi ankati ndi madzi otsukira mbale. Msuweni wawo wa ku Mzuzu ankawatumizira khofi wogayagaya pa sitima, amama n'kumawiritsa m'ketulo, ine n'kumasefa ndi kansalu kamene akuti kale kanali koyera. Ndisefe bwanji, tinyenyeswa tinkadutsabe. Adada akamwa ankalavula mpaka dzuwa kufika pamutu.

"Ireni, uyu ndi khofi, kapena wandikokolera mchenga wonse wa ku Khuyu?" ankandifunsa choncho.

Amama anali ataona kale mankhwala a vutoli pamsika wa Chipyela, kwa mayi wina wooda katundu ku Mzuzu. Inali jagi yagalasi yokhala ndi sefa yachitsulo mkati. Umathira khofi, kuthira madzi otentha, kudikira pang'ono, n'kukankhira sefa ija pansi, nkhani yatha. Mtengo wake sunali woliza munthu. Koma chaka chimenecho tinali titangolowetsa magetsi, babu limodzi ndi soketi imodzi, ndipo soketi imeneyo inkawasowetsa mtendere adada. Ankaiyang'ana ngati mwana wosadya.

"Jagi n'za mabatchala," anatero. "Ine ndinaona makina enieni ku Joni. Umangodina, iwo n'kulira, khofi n'kutuluka ndi thovu pamwamba."

"Anawaonera pawindo la abwana awo," amama anandinong'oneza tikutsuka mbale.

Inu a kumtunda mwina simudziwa zimene zimachitika kuno wogwira ntchito ya boma akamusamutsa. Sanyamula zonse ayi. Kukweza bedi ndi kabati m'boti ndi chilango chimene ngakhale mfiti sungaifunire. Ndiye amagulitsa motchipa, ndipo anthu amakhamukira kunyumba kwake ngati kuli ukwati. Mwezi umenewo wosamukayo anali bambo Zimba, mlembi wa ku ofesi ina, munthu wonunkhira sopo ngakhale masana a mwezi wa Okutobala. Adada anapitako kuti akangoona.

Ndisanapitirire, mumudziwe Mwera. Inali mbuzi yanga, yangayanga, imene amalume anandipatsa ili kamwana nditakhoza Sitandade 4. Ndinaitcha Mwera chifukwa ikayamba kuthamanga zonse zinkagwa. Inkandiperekeza mpaka pa mlambe wa panjira ya kusukulu n'kubwerera yokha. Mango tinkagawana, ine mnofu, iyo makoko. Inali ndi nzeru kuposa theka la kalasi yathu, ndipo ndikunena theka chifukwa cha ulemu.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza chingwe chokha pamtengo. M'nyumba, patebulo, panali chinthu chofiira, chonyezimira, atachiyalira nsalu ya amama yovala ku Misa.

"Adada, Mwera ali kuti?"

"Mwanangu, mbuzi zimabadwa tsiku ndi tsiku. Makina awa pachilumba pano ndi amodzi okha. Ndipo bambo Zimba sanafune ndalama, anangoti mbuzi basi. Kutchipa kotani kumeneko!"

Loweruka bambo Zimba anachita phwando lotsanzikana ndi anzawo a ku ofesi. Mphepo inkachokera komweko. Fungo la nyama yowotcha linalowa m'nyumba mwathu, linakhala pampando, linandiyang'ana. Ndinalira mpaka nyanja inakwera, amene akukana akafunse asodzi.

Makina aja sankadya khofi wathu wa ku Mzuzu. Ankadya timakapu ta pulasitiki tomata pamwamba, tating'ono ngati chitsekero cha botolo, kamodzi kapu imodzi. Bambo Zimba anali atapereka todzaza dzanja. Adada anaitana anzawo a pabawo, anaitana akatekisiti, anaitana ngakhale agogo ena a ku Yofu amene anangodutsa kudzapempha madzi. Aliyense ankadina yekha. Makina ankalira ngati injini ya boti, thovu n'kutuluka, anthu n'kuwomba m'manja. Pofika Lamulungu madzulo timakapu tonse tinali m'dzala.

M'mawa mwake anandituma kuti ndikafunse kogula tina. Ndinawapeza bambo Zimba pakhonde, pakati pa makatoni, mwendo pamwamba pa unzake. Pa kasitulu patsogolo pawo panali jagi yagalasi. Yofanana ndi ija ankaifuna amama, ya mabatchala. Ankakankhira sefa pansi pang'onopang'ono, mwachikondi, ngati akugoneka khanda.

"Timakapu? Aa, mwana iwe, timeneto ngakhale ku Lilongwe ndinatisakasaka mpaka nsapato kutha. Makinawo anandipatsa ndi mlamu wanga. Bambo ako si a ku Joni? Aitanitse konko." Anamwa khofi wawo, anatsokomola pang'ono, kenaka anamwetulira. "Koma mbuzi ija unkaidyetsa chiyani? Kunona kwake!"

Ndinagwada monga anandiphunzitsira amama, ndinatsanzika mwaulemu. Koma mumtima ndinali nditawakumbira kale manda atatu, kuti asankhe okha.

Adada anayesa nzeru zawo. Anatola timakapu tija kudzala, anatitsuka, anathiramo khofi wa ku Mzuzu n'kumata ndi pepala lonyezimira la bisiketi. Makina anabuula, ananjenjemera, kenaka analavula matope pa malaya awo oyera, pakhoma, ndi pa kalendala. Nkhani inafika pamsika malaya asanaume. Anthu anayamba kuwaitana kuti a Thovu. Anasiya kupita kubawo. Ankangokhala kuseri kwa nyumba akusoka ukonde umene sunang'ambike. Ine ndinali nditakonza zoti ndisawalankhule mpaka ndidzakwatiwe, koma nditawaona choncho mkwiyo wonse ndinausamutsira kwa mwini wake.

"Pitani mukabweze," amama anawauza.

"Malonda ndi malonda. Ndikayambe kulira pakhomo pa munthu ngati mwana?"

Mawu amenewo ndi amene anandipatsa nzeru. Iwo sakanatha kulira ngati mwana. Koma mwana m'nyumbamo analimo.

Nthawi imeneyo sitima inkaima patali, anthu n'kumapita ndi maboti ang'onoang'ono, ndipo kuti ufike pa boti unkayamba walowa m'madzi. Tsiku la sitima aliyense amakhala pagombe: ogulitsa usipa, onyamula katundu, olandira alendo, ndi ena ambiri amene ntchito yawo ndi kungoona. Ukafuna kuti chinthu chimveke ku Khuyu ndi ku Yofu tsiku lomwelo, umachitira pamenepo.

Tsiku lonyamuka bambo Zimba litakwana, ndinadikira amama atuluke. Ndinatenga makina aja, ndinawabereka kumsana ndi chitenje, chingwe chake chikulendewera ngati mchira, ulendo wa kugombe. Anali olemera ngati tchimo.

Ndinawaona bambo Zimba ali kale m'madzi ofika m'mawondo, thalauza atapinda, nsapato atazimangirira pakhosi, tayi ili pomwepo. Makatoni onse anali atapatsa anyamata. Chimene ananyamula okha, atachikumbatira pachifuwa, chinali kamtolo kokulunga ndi thaulo. Sindinafunikire woombeza kuti andiuze za mkatimo.

Ndinalowa m'madzi n'kuyamba maliro. Osati kulira wamba ayi, kulira kwa pasiwa, manja kumutu.

"Mayo ine! Mwera wangu iwe! Anakudya ndi tsabola! Abale anthuni, bambo awa anadya mbuzi yangu n'kutisiyira chigaba chosadya khofi!"

Gombe lonse linatembenuka. Ngakhale nkhuku za m'madengu zinakhala chete.

"Mwana wa ndani uyu?" anafunsa bambo Zimba, akuyang'ana kumwamba ngati sakundidziwa.

"Wa a Thovu!" anakuwa wina kumbuyo, anthu n'kufa ndi chiseko.

"Munati kunona kwake! Simunatero? Munatero pakhonde panu, mano muli kutokosa!"

Mayi wina wogulitsa usipa, amene mawu ake amamveka mpaka ku Mozambiki, anaika dengu pansi. "Achimwene, n'zoona mwadya mbuzi ya mwana? Ndiye ife tinabwera kudzakugulani mapoto aja, nawonso ndi obooka?"

"Inenso wailesi ija ikungolira ngati njuchi!" anatero abambo ena. Kaya zinali zoona kaya ankangothira mchere, Mulungu awadalitse.

Bambo Zimba anafulumira kuti akwere. Koma mwini boti, mdala wina wa diso limodzi lofiira, anayala nkhafi patsogolo pawo.

"Bwana, malizanani kaye ndi mwanayo. Boti langu limanyamula anthu ndi katundu, milandu ayi. Imalemera."

Sitima inaliza hutala. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo mpaka m'nsapato zija. Anapisa m'thumba kuti andipatse kenakake.

"Ndalama zanu sindikuzifuna," ndinatero, misozi itaumiratu. "Ndikufuna chili m'thaulocho."

Anandiyang'ana. Anayang'ana anthu, anayang'ana sitima. Kenaka anatambasula manja ngati akupereka mwana wawo woyamba. Ine ndinamasula chitenje, ndinawaika makina awo pachifuwa, chingwe chikudontha madzi pa tayi. Mdala uja anati amenewo ndi katundu woonjezera, alipire. Analipira. Boti likuchoka, ana onse a pagombe ankaimba "Mee! Mee!" mpaka linafika pa sitima, ndipo ndimakhulupirira kuti kulikonse kumene ali lero, akamva mbuzi ikulira chakudya chimawakanira pakhosi. Ndimapempherera zimenezo.

Nditatuluka m'madzi ndinapeza amama akundidikira. Anandigwira khutu kuchokera pagombe mpaka kunyumba, moti mpaka pano la kumanzere ndi lalitali. "Kulalatira munthu wamkulu pagulu! Ndinakulera ine iwe?" Koma dzanja linalo anali atagwira jagi ija mosamala, ndipo tikudutsa pamsika anayenda pang'onopang'ono kuti aliyense aione.

Adada anakankha sefa okha, anamwa, anadikira kuti alavule, koma panalibe cholavula. Kenaka anathira theka m'kapu ina n'kundipatsa. Aka kanali koyamba kulawa khofi. Anali wowawa ngati mankhwala a malungo, koma ndinamaliza yense, chifukwa ndinkadziwa mtengo wake. Madzulo ake anavala jekete lachikopa lija n'kupita kubawo.

Anthu amati kubwezera n'kosathandiza. Mwina kwa iwo. Ine kunandithandiza, ngakhale jagi singakuperekeze kusukulu. Koma chimene ndinatola pamenepo, chimene mphunzitsi aliyense sanandiuze mpaka Fomu 4, n'chakuti chinthu chotchipa uzichifunsa kaye kuti chimadya chiyani, ndipo chakudyacho chimapezeka kuti. Ndiponso munthu akamakugulitsa kanthu, usayang'ane chimene akukuonetsa. Yang'ana chimene wakumbatira yekha.

Mwezi wathawu mnyamata wina wa ku ofesi, nayenso akusamuka, anandiitana kuti andigulitse foni. Yaikulu ngati chitseko, yowala, mtengo wa chifundo. Anayamba kundiuza za kamera yake. Ndinamusiya alankhule mpaka malovu kuuma, kenaka ndinaloza kafoni kakale kamene kankasuzumira m'thumba la malaya ake.

"Nanga ako mukugulitsa bwanji, achimwene?"

Anaseka, anaphimba thumba ndi dzanja, n'kufunsa mnzake kuti ine ndine mwana wa ndani. Atamuuza, sanandiitanenso.