Magazi amene ankati ndi umuna

Chaka chimene ananditumiza kukaphunzitsa pa sukulu ina ya mishoni cha ku Sandwe ndinali ndisanakwatile, ndipo mtima wanga unali wapachala. Anandipatsa Sitandade 6, kalasi lomaliza, lija lolemba mayeso osankha opita ku sekondale. Phunzilo limene ndinkalikonda linali la zaukhondo, ndipo ndi lomwelo limene linandimeletsa imvi ndikali mnyamata.

Kuloweza ana aja ankaloweza, sindinganame. Ukafunsa kuti ntchentche imabweletsa chiyani, kalasi lonse pamodzi: "Kutsegula m'mimba, aphunzitsi!" Udzudzu? "Malungo, aphunzitsi!" Belu likangolila, onse liwilo la ku dziwe la kumunsi kwa sukulu, kukasambila m'madzi omwewo amene ndawaletsa m'mawa. Ndinali kulemba m'madzi.

Tsiku lina ndinatola nkhono za m'dziwemo m'chitini, n'kudzazikhuthula pathebulo. Ndinawafotokozela kuti m'nkhonozi mumatuluka tizilombo tosaoneka ndi maso, timaboola khungu la munthu amene akusamba, timakakhazikika ku chikhodzodzo, kenako munthu amayamba kukodza magazi. Matenda ake ndi likodzo. Atsikana anabisa nkhope m'madesiki. Anyamata anayamba kugundana ndi zigongono, akuseka chamumtima.

"Chikukuseketsani n'chiyani?" ndinatelo.

Anaimilila mwana amene ndinkamudalila kuposa onse, wamtali, woonda, wolemba ndi dzanja lamanzele. Ndinali nditauza kale ahedi kuti ngati pasukulu pano padzatuluke mmodzi wa ku sekondale, ndi wamanzeleyu.

"Pepani aphunzitsi, amenewo si matenda," iye anatelo mwaulemu. "Ndiko kukula. Mnyamata akaona magazi ndiye kuti wasanduka mwamuna, adzabeleka."

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Amalume. Ine ndinakula chaka chatha."

Ananena monyada, chifuwa patsogolo. Nditafunsa kuti ena okulawo ndi ati, manja anakwela mbali yonse ya anyamata. Ochepa otsalawo anazyolika, ati chifukwa iwo akali ana. Mayo ine! Odwala akunyada, amoyo akuchita manyazi. Ndinamenya thebulo mpaka nkhono zinamwazikila pansi, ndipo ana anaseka kwambili.

Ena matendawa ankawapepukila, koma wamanzele anamugwila zolimba. Anayamba kupempha kutuluka pafupipafupi, n'kubwelako atakwinya nkhope, thukuta lili kamukamu. Milomo inatuwa, m'zikope munayela, ndipo mwana amene sankaphethila pa masamu anayamba kusinza. Mankhwala analipo ku chipatala cha pa boma ku Petauke: majekeseni, munthu n'kugona komweko masabata angapo. Akanapita nthawi imeneyo akanabwelako mayeso asanafike. Ndinauza ahedi kuti ndimunyamula panjinga ine mwini.

"Mumunyamula ngati ndani?" ahedi anandifunsa. "Kuno mwana si wa mphunzitsi, ngakhale bambo wake womubala alibe naye mphamvu. Mwini mwana ndi malume, mlongo wa amai ake. Pitani mukapemphe."

Loweluka ndinapalasa njinga, msewu wake wa miyala yokhayokha, theka la ulendo ndinachita kukankha. Bambo wa mwanayo ndinawapeza akumanga nkhokwe. Anamvetsela zonse, anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Zikumveka, aphunzitsi, koma ine pano ndine mkamwini. Kambani ndi eni ake." Anandilozela nyumba ya kumtunda.

Amalumewo ndinawapeza akusema mpini wa khasu. Sanali munthu waukali ayi. Anandipatsa mpando, anandilonjela m'Chinsenga, ndipo atamva kuti ndine wa ku Katete anatembenukila ku Chinyanja kuti ndisavutike. Ndinayala nkhani yanga yonse: nkhono, tizilombo, chipatala, mayeso. Iwo anangoloza ana amene ankasewela pabwalo.

"Ine magazi ndinawaona ndili msinkhu wake womwewo. Onsewa ndi anga. Matenda ake ali pati?"

"Bambo, mwabeleka chifukwa Mulungu anakupatsani, osati chifukwa cha magazi. Mwanayu akutha."

"Ndiye mukuti akamubaye azungu?" Anaika sompho pansi. "Azungu omwewa amene atimangilila m'Chitaganya osatifunsa? Ayamba liti kutikonda kuti azitibaya zaulele? Kapena za shuga simunamve?"

Ndinali nditamva. Masiku amenewo mphekesela inali ponseponse yoti boma la Chitaganya, lija la azungu lophatikiza maiko atatu, likuthila mankhwala mu shuga ndi m'majekeseni kuti anthu akuda asiye kubeleka. Chowawa n'chakuti Chitaganyacho nanenso ndinkadana nacho, mwina kuposa iwo. Ndinati, "Bambo, Chitaganya nanenso sindichifuna, koma nkhono za m'dziwe sizidziwa za Chitaganya."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandifunsa mofatsa: "Inu aphunzitsi, ana muli nawo angati?"

Ndinalibe ngakhale mkazi.

"Ndiye za kubeleka mwazimva m'buku. Musakwiye. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu mailo adzakusamutsani. Mwanayu akadzakhala gojo, mkazi akadzamuthawa, anthu sadzafunsa mphunzitsi, adzafunsa ine."

Pobwelela ndinkayankhula ndekha mumsewu ngati wamisala. Tsiku lina ndinapitanso kwa amalumewo ndi mkulu wa mpingo, koma atafika anayamba kukamba za mvula, ndipo panjila anandinong'oneza kuti nayenso mwana wake sangamupeleke ku jekeseni. Asa! Ndinamusiya kumbuyo ndi njinga yake yakuphwa.

Potsiliza ndinamuitana mwanayo payekha, anzake atapita. Ndinamuuza kuti akavomela, tinyamuka mamawa, za amalume ndidzaziona ine.

"Aphunzitsi, tsopano ndadziwa kuti ndi matenda. Kukula sikuwawa chonchi. Koma amalume akandikana, ndidzakhala wa yani?"

Ndinali ndi buku, choko ndi chitini cha nkhono, koma mudzi womupatsa ndinalibe. Chimene ndinatha ndi kumuletsa za kudziwe, ndipo yekhayo pa kalasi lonse anamvela, madzi atafika kale m'khosi.

Mayeso anabwela ndi woyang'anila wochokela ku boma, munthu wa taye ndi wotchi. Lamulo lake linali lakuti amene watuluka m'chipinda sabwelelanso. Ndinamuchondelela, ndinamufotokozela za mwanayo, ndinati ndimupelekeze ine kuti asaonele. Anati lamulo silidziwa chikhodzodzo. Ndinatsala pang'ono kumugwila taye ija.

Mwanayo sanamwe madzi chidzukile. Pepala la masamu analimbika nalo mpaka kumapeto. Ine ndinaima patali, pansi pa mtengo, pomwe ndinkatha kumuona pawindo. Pa pepala lotsatila, lija losakaniza mbili, malo ndi zaukhondo, ndinamuona akulemba mothamanga ndi dzanja lake lamanzele, miyendo ataipinganiza, mlomo atauluma. Kenako analeka. Anatembenuza pepala, analiyang'ana, anaika cholembela pansi, n'kuimilila. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anatuluka atawelama, anadutsa pafupi ndi ine osandiyang'ana, kulunjika kuthengo. Pa mapepala otsalawo zinali chimodzimodzi.

Madzulo a tsiku la pepala losakaniza lija ndinatola pepala lake la mafunso limene wina anataya. Kumbuyo kwake, funso lomaliza, linali lakuti mwana afotokoze mmene likodzo limalowela m'thupi ndi mmene tingalipewele. Ndinalikwinya n'kuliponya pamoto.

Sanasankhidwe. Chaka chimenecho pasukulu pathu sipanatuluke ndi mmodzi yemwe. Amalume aja nditakumana nawo kutchalitchi anandigwila chanza ndi manja awili. "Musadandaule, aphunzitsi, sukulu ndi mwayi. Chachikulu mwana ali wamphumphu." Ndinameza mau amene anali pakamwa panga chifukwa tinali pakhomo la Mulungu. Ndinapempha kusamuka, ananditumiza ku Nyimba, ndipo mame anakamukadi.

Panapita zaka, Chitaganya chinatha, nanenso ndinakwatila. Tsiku lina ndili pa mzele wa chipatala ku Petauke ndi mwana wanga wa chifuwa, ndinaona bambo wina akukankha njinga, kumbuyo atakweza mnyamata wotuwa milomo. Anaimika njinga, anavula chipewa ndi dzanja lamanzele.

"Aphunzitsi, mwandiiwala?"

Ndikanamuiwala bwanji? Anandiuza kuti atalephela sukulu anapita ku migodi, ndipo kumeneko anamupima n'kumubaya majekeseni aja popanda kufunsa malume aliyense. Tsopano anali atabwelela kumudzi, akulima. Ndinafunsa za ana. Anaseka, ati alipo, ndipo wina ali m'njila.

"Nanga uyu ndi woyamba?"

"Iyayi, uyu ndi wa mlongo wanga. Wayamba kuona magazi, anzake akumuuza kuti wakula. Amalume aja anatisiya. Malume tsopano ndine."

Ndinafuna kukondwa, koma chimene chinabwela ndi ukali womwe uja. Ndinkayang'ana zikhatho zake zong'ambika ndi khasu, ndikukumbukila mmene dzanja lomwelo linkathamangila pa masamu. Mzele unasuntha. Anatsitsa mnyamatayo panjinga, anamugwila paphewa, ndipo asanalowe anatembenuka.

"Aphunzitsi, funso lija la kumbuyo kwa pepala ndinaliona ndisanaimilile. Ndinali kulidziwa lonse."