Chibangili cha Anti a Pawindo

Achemwali anga akhala akuluka tsitsi pampando umodzi kuyambira ine ndili kusukulu. Mpandowo uli pawindo la saluni, pomwe pamawala bwino, ndipo makasitomala sankavutika n'kufunsa dzina lawo lenileni, ankangoti Anti a Pawindo. Ine ndimapenta zikhadabo pakatebulo ka pakhomo, ndiye zonse ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa.

Zala zawo n'zopepuka. Mwana wobwera akulira ankagona pamiyendo pawo mutu usanafike n'pakati pomwe. Sakonda zolankhulalankhula: chipeso kukamwa, maso pamutu wa munthu, basi. Mpando umenewo ndi umene walera ana awo atatu chimwalirireni bambo awo.

Atawapeza ndi khansa ya m'mawere anauza ine ndi apabanja ochepa. "Iwe, ku saluni usakatsegule pakamwa. Anthu anga ndimawadziwa. Akangomva, palibe adzandipatsenso mutu." Kwa madamu, eni saluni, tinati apita kukadwazika wachibale. Anawachotsa bere lakumanzere, ndipo anabwerera pampando ndi sokosi yodzaza thonje m'kamisolo. Tsitsi litathothoka ndi mankhwala anavala wigi, nanga mu saluni wigi angaifunse ndani? Ankapita kukasanza kuchimbudzi, n'kutsuka m'kamwa, n'kubwera kudzamaliza mzere.

Kenako nkhani inafika kwa alamu athu, mchemwali wa malemu amuna awo. Mayi ameneyu moyo wake ndi makomiti. Akamva kuti kwinakwake kwagwa vuto, choyamba kufunsa n'choti wapampando ndani. Anapeza gulu la amayi losonkhetsa ndalama zophunzitsira anthu za khansa. Gululo limagulitsa zibangili za labala zapinki, chilichonse cholembedwa dzina la mayi amene akudwala, ndipo lamulo lake n'loti mwini dzina avomere kaye. Alamu anaona kuti zimenezo n'zochedwetsa, iwo ankafuna sapulaizi.

Anatulukira Loweruka saluni itadzaza, thumba lili m'manja, n'kukhuthulira zibangili patebulo langa mpaka mabotolo a penti kugwa. Ndinatola chimodzi. Akanalemba dzina la paubatizo bwenzi anthu akufunsana kuti ameneyu ndani. Iwo analembetsa kuti Anti a Pawindo.

"Amayi, tiyeni tigule, tiwalimbikitse alamu angawa! Bere linapita koma mtima ulipo!"

Draya yokha ndi imene inkamveka. Achemwali anaima meshi ili m'manja, ndipo maso onse mu saluni anatsikira pachifuwa pawo, kufufuza kuti lapita ndi liti. Ine ndinapsa mtima. Ndinawakokera panja alamuwo.

"Munawafunsa eni ake?"

"Aa, iwenso! Matenda si obisa masiku ano. Ndawachitira zabwino."

"Ana awo adya zabwino zanuzo?"

Zibangili zinagulidwa, ndisaname. Zinatha tsiku lomwelo, anthu akujambulitsa manja ali m'mwamba. Koma sabata yotsatira mpando wa pawindo unayamba kukhala wopanda munthu. Uyu akuti akufulumira, uyu akuti adikira mtsikana winayo. Amene ananena mosapsatira ndi mayi wina wogulitsa nsapato, yemwe achemwali anamuluka ngakhale tsitsi la paukwati wake. Anauza madamu, chibangili chili pamkono, kuti manja a munthu womwa mankhwala amphamvu asamugwire m'mutu, angamupatsire. Madamu amadziwa bwino lomwe kuti khansa sipatsirana. Koma anangoti achemwali akapumeko kuseri, azichapa matawulo mpaka anthu aiwale. Pawindo anaikapo mtsikana woluka ngati akumanga mtolo wa nkhuni.

Ndiye taganizani. Dzina lili pamkono pa aliyense mu saluni, eni ake ali kuseri kwa katani, manja m'beseni. Gulu lija, posadziwa kanthu, linawapatsa alamu satifiketi chifukwa chogulitsa kwambiri, ndipo anaipachika pabalaza. Ine mpaka lero moni sindiwapatsa.

Tsiku lina masana ndinalowa kuseriko kukatenga thonje, ndipo ndinapeza mayi wa nsapato uja ataima pafupi ndi beseni, akupotokola chibangili chake.

"Anti, kodi chotupa chanu chija chinkapweteka?"

"Ayi, sichinkapweteka. Bwanji?"

"Ndikumva kanthu kuno. Tandigwirani muone."

Ine sindinapirire. "Achemwali, manja anu aja ndi oopsa, mwaiwala?" Anangondiyang'ana kamodzi, ine n'kutseka pakamwa. Anapukuta manja, n'kuwafunditsa kaye m'khwapa chifukwa madzi anali ozizira, kenako anawalowetsa m'bulauzi mwa mayiyo. Anafufuza modekha, monga amapatulira tsitsi la mwana.

"Kalipo. Mwina si kanthu, ine si dokotala. Koma mawa m'mamawa mupite kuchipatala, musazengereze ngati ine."

Mayiyo analira, achemwali n'kumupatsa tawulo loyera limene anali atachapa dzulo lake. Mumtima ndinati basi, lero mpando wabwerera kwa eni ake. Iye anapukuta misozi, nati, "Chonde anti, musauze munthu. Anthu akamva sadzagulanso nsapato zanga." Atatero anakonza bulauzi yake, natsegula katani, n'kukakhala pawindo kuti mtsikana uja amuluke.

Ndinkafuna kumutsatira, ndikalengeze mu saluni monse monga anachitira alamu. Achemwali anali ataweramira kale m'beseni.

"Iwe," anatero osandiyang'ana, "wamva zimene wapempha. Usakatsegule pakamwa."