Mayi wovala buluu m'munda wa tirigu

Kunyumba yosamalira okalamba ya ku Dún Laoghaire, kuno kudziko la azungu, komwe ndinkagwira ntchito, pakhoma la njira yopita kochapira panali chithunzi cha anthu okolola tirigu. Chinali chosindikiza chabe, chozilala m'mbali. Kaya wojambulayo anali atamwa chiyani: thambo analipaka chikasu, mitengo yopindikapindika, anthu opanda maso. Koma mayi wina wovala buluu, wowerama atatifulatira, anamujambula ndendende. Mwendo umodzi kutsogolo, dzanja lamanzere pabondo. Amayi anga ankawerama choncho.

Kwathu ku Ntchisi nthawi yokolola, akuluakulu ankatsogola kudula mapesi ndi kuimika mikukwe, ife ana tikubwera m'mbuyo kutola chimanga chakugwa. Ndiye ubwana wanga wonse ndinkangoona msana wa amayi. Anamwalira ine ndili kuno, maliro ndinamvera pafoni, ndipo pang'onopang'ono nkhope yawo inayamba kundithawa. Sindibisa, zinkandiwawa kwambiri.

Kwathu sudutsa anthu ali m'munda osawalonjera, angakunene kuti unaleredwa ndi mbuzi. M'mawa wina ndikukankha ngolo ya zofunda, pakamwa panangotuluka pokha: "Mwadzuka bwanji kumundako?" Mnzanga wa ku Zambia amene anali m'mbuyo mwanga anaseka mpaka kugwira khoma.

"Asisi, mwayamba kukamba na picture? Mashifiti aya azakufunthisani!"

Nanenso ndinaseka, koma moniwo sindinausiye. Ndinkangotsitsa mawu.

Kenako kunabwera opaka penti, zithunzi zonse n'kuziunjika panja pafupi ndi zinyalala, mvula ikuwaza. Ndinapita kukapempha chithunzi chija kwa bwana wathu, mayi wa konkuno, mtima uli phaphapha ngati ndikukapempha ng'ombe. Iwo anangoti nditenge, ndikafuna nditenge zonse. Ine zonse za chiyani?

Ndinachinyamula m'sitima ndi m'basi mpaka ku Tyrrelstown komwe ndimakhala, nditachifunditsa jekete yanga, mwiniwakene ndikunyowa. Mwana wanga wamkazi anabadwira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo agogo ake sanawaonepo. Chithunzicho ndinachitsamiritsa pampando, mwanayo n'kumuitana.

"Bwera uone. Agogo ako akakhala kumunda ankaoneka chonchi."

Anayang'anitsitsa, kenako n'kundifunsa m'Chingerezi chakecho kuti nanga nkhope yawo inali yotani. Ndinayang'ana msana wa mayi wovala buluu uja. Mwanayo anali akudikirabe yankho.

"Usawasokoneze, ali pa ntchito," ndinatero. "Akamaliza mzerewo atembenuka."