Tsiku limene tinaika achimwene, wosamala apusi

Ndinadzuka tambala asanalire. Amayi amene anachezera kuimba m'nyumba ya siwa anali atasasa mawu, ndipo panja nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi. Mvula inali itagwa masiku atatu.

Achimwene anagwira ntchito zaka zambiri m'tauni, kumalo ofufuza za matenda. Ankasamala apusi a m'makola, kuwatenga magazi ndi mkodzo pa nthawi yake. Madokotala ankayeza kuti mankhwala ena opangidwa m'bongo amatha msanga bwanji, ndipo zotsalira zake zimatuluka liti m'thupi. Ankatiuza kuti mankhwalawo akachepa, munthu amanjenjemera. Kenako manja awo omwe anayamba kunjenjemera, nabwerera kumudzi kuno ku Malomo. Matenda awo ankawadziwa ndi dzina lomwe, koma mapiritsi ake kuchipatala kunalibe.

Kutacha anthu anayamba kutsika m'mapiri, ena atafunda masaka. Ambiri anakhala patali ndi nyumba. Kunali manong'onong'o akuti munthu wotenga magazi safa imfa wamba.

Galimoto ya kuntchito kwa achimwene inatitimira m'matope kutsidya kwa mtsinje. Amene anafika wapansi anali bambo mmodzi yekha wa imvi, nsapato zili m'manja. Alamu anga, mkazi wa malemu, anamugwira dzanja.

“Bambo, ndiuzeni zoona. Anatengera kwa apusi aja?”

“Ayi, mayi. Matendawa sapatsirana. Ife timangodziwa kuyeza, kuchiza sitinafikepo.”

Ndinkafuna kuti mawu amenewo awanene pagulu. Koma akatekisiti atamaliza mapemphero, amene anaimirira anali tcheyamani wa chipani. Analankhula nthawi yaitali za makadi a chipani, ndipo palibe akanamudula. Atakhala pansi mvula inayambanso, adzukulu n'kunyamula bokosi. Mlendo uja anapinda pepala la mawu amene anakonza kuti alankhule, naliika m'thumba.

Njira ya kumanda inali yoterera. M'dzenje munali mutalowa madzi, ndipo tinaima pamvula kudikira kuti awakape ndi ndowa. Anthu anabalalika dzenje lisanathe kukwiriridwa.

Madzulo tinatsala awiri, ine ndi alamu. Tikusuntha mpando wa achimwene tinaona timaenje tiwiri pansi, pamene zidendene zawo zinkagunda tsiku lonse. Ndinati mawa ndibweretsa dothi tizire.

“Zirani kwina konse,” anatero alamu. “Apa pokha musiye.”