Envulopu ya Ma Nowai

Ma Nowai Kerkula anagwira nafe ntchito zaka khumi ndi zinayi pa kachipatala kathu ka ku Winneba, ndipo zaka zonsezo anavala yunifolomu ya othandizira, osati ya ife manesi. Ntchito yawo yolembedwa inali kusintha zofunda ndi kukolopa. Koma mtsempha wa khanda ukatizemba, tonse tinkaitana iwo, ngakhale ine Araba amene laisensi yanga inali yopachika pakhoma.

Unesi anauphunzira kwawo ku Liberia, pasukulu ina ya mishoni, nkhondo isanabuke. Nkhondo itafika sukuluyo inatsekedwa, osatsegulidwanso. Iwo anathawira kuno ku Ghana ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Yamah, yemwe anadzamwalira ali mtsikana wamkulu kale, n'kuikidwa kumanda a kuseri kwa tchalitchi. Loweruka lililonse Ma Nowai ankapita kukazula udzu pamandapo. Kwawo kunalibenso wowadikira.

Masana ankadya okha pabenchi ya kochapira, mpunga ndi chigwada cha mafuta ofiira, tsiku ndi tsiku.

"Ma, kenke wathuyu simudzamulawa mpaka liti?" ndinkawaseka.

"Mwanawe, chimanga chowawasa chokulunga m'makokocho mumati chakudya? Ine ndimaona ngati njerwa."

Tinkaseka, koma palibe amene ankakakhala nawo pabenchipo. Lero zimandichititsa manyazi.

Boma litasiya kuwawerenga ngati othawa nkhondo, linawapatsa chilolezo cha kanthawi. Kuti akhazikike, anayenera kusonyeza kuti ali ndi ntchito yaukatswiri. Ntchitoyo inafuna laisensi. Laisensi inafuna kalata ya magiredi yochokera kusukulu kwawo, ili mu envulopu yomata, chidindo chitadindidwa pomatapo. Sukulu yoti m'makalasi mwake munamera mitengo!

Zaka zitatu zinatha akufunsafunsa, mpaka anamva kuti mlembi wakale wa sukuluyo, bambo Tokpa, ali moyo, ndipo mabuku ndi chidindo anazisunga m'bokosi lachitsulo. Envulopu inabwera Lachisanu lina ndi mayi wogulitsa nsalu amene ankayenda pabasi m'mayiko athuwa. Mayiyo anati bambo Tokpa anasainira ali gone, dzanja likunjenjemera. Chilolezo cha Ma Nowai chinali chitatsala ndi miyezi iwiri.

Anationetsa envulopuyo ali chiimire, ataigwira ndi manja awiri. Pakamwa pangapa mpamene panaononga zinthu.

"Nkhalamba yodwala ija, Ma, mwina yakulemberani magiredi a munthu wina," ndinatero, ndikuseka.

Iwo sanaseke.

Munthu amene sanagwirepo ntchito m'wodi sangamvetse. Ife botolo la mankhwala timaliwerenga katatu: politenga, potunga, polibwezera. Ma Nowai ndiwo ankanyanya. Ankati chinthu chimene sunachione ndi maso ako sumpatsa munthu. Ndiye envulopu ija inakhala pathebulo m'kachipinda kawo Loweruka lonse, popanda wowauza kuti aisiye. Lamlungu atachokera kutchalitchi anatenga kalumo kochotsera ulusi wa mabala, n'kung'amba bwinobwino m'mphepete. Anawerenga katatu, n'kumatanso ndi guluu.

Lolemba ndinawaperekeza ku Accra, kuofesi ya malaisensi. Mayi wa pawindo sanali wankhanza, ndisamunamizire. Anaitembenuza envulopuyo, n'kuyendetsa chala m'mphepete.

"Amayi, iyi yatsegulidwapo."

"Ndine ndatsegula, mwanangu. Ndimafuna ndione ngati zili bwino. Sindinasinthe kanthu."

"Ndikukukhulupirirani. Koma yotsegulidwa sitilandira. Auzeni atumize ina."

Ine magazi anawira. Ndinamuuza kuti mayi awa aphunzitsa manesi asanu ndi awiri kuika diripi, ine ndemwe woyamba. Kuti awabweretsere khanda pompano aone yekha. Mayiyo anangoti pepani, n'kuitana wotsatira. Ma Nowai anandikoka dzanja.

"Araba, usachite phokoso. Akunena zoona. Nanenso botolo lotsegula kale sindingalilandire."

M'minibasi pobwerera anaimba foni kwa bambo Tokpa. Anayankha ndi mpongozi wawo, nati maliro anachitika Lachinayi lapitalo, envulopu ili m'njira. Za chidindo sankadziwa, bokosi lija adzukulu anagawana. Ma Nowai anathokoza, napepesa maliro, n'kuika foni m'chikwama.

Tinayesa, ndisaname. Adokotala analemba kalata, abusa analemba yawo, ine ndinalemba ziwiri. Mayankho onse anali aulemu, ndipo onse anafuna envulopu yomata. Ena anawalangiza kuti chilolezo chikatha angokhala mwakachetechete, ambiri amatero. Iwo anakana. Anati anathawapo kamodzi, sangayambenso kubisala ali ndi imvi.

Loweruka lomaliza ananditenga kumanda. Anandionetsa mmene amazulira udzu, ndi manja, osati chikwanje, kuopa kukanda simenti.

"Mvula ikayamba umamera msanga pakona apa," anatero. "Ukalephera kubwera usadandaule. Koma ukabwera uzimutchula dzina. Kuno amene amalidziwa ndi ine ndekha."

"Ma, ndine ndinakuikani maganizo aja."

"Iwe unangolankhula. Kalumo ndinagwira ndine."

Mawu amenewo sanandipepuze mtima, ndipo mpaka lero sanatero.

Tsiku lonyamuka tinawaperekeza anthu awiri okha, ine ndi mayi wochapa zovala. Asanakwere basi anandipatsa envulopu ija, ati kumene akupitako ilibe ntchito. Ndinaiwerenga nditafika kunyumba. Dzina linali lawo, zaka zinali zolondola, magiredi oposa anga kutalitali. Bambo Tokpa, ndi dzanja lonjenjemeralo, sanaphonye ngakhale pamodzi.

Amaimba foni mwa apo ndi apo. Akuchita lendi kachipinda ku Gbarnga, kwawo ku Liberia, pakati pa anthu osawadziwa, ndipo amati ana a kumeneko amawatcha mayi wa ku Ghana. Za chipatala safunsa. Amangofunsa ngati mvula yayamba.