Chithunzi changa pageti la fakitale

Nthawi imeneyo ndinkalongedza zidebe zapulasitiki pafakitale ina ku Wadeville. Kunabwera manijala watsopano, mayi woyenda mothamanga, amene ankakonda kunena kuti kampani yosasintha kagwiridwe kake imafa. Chipinda chimene tinkasungiramo matsache anachipakitsa penti yachikasu n'kukhomamo bolodi. Lachisanu lililonse tinkalowamo m'magulu, aliyense n'kupatsidwa timapepala tomata kuti alembepo ganizo lopeputsira ntchito. Ganizo likaoneka labwino, ankayamba aliyesa pamakina amodzi.

Amalawi tinalipo ochepa ndipo tinkakhala kumbuyo. Bambo a ku Mulanje amene anandipezera ntchitoyo, omwe ndinkangowatcha amalume, anandichenjeza tili m'teksi kuti ndisamayankhule m'chipinda chimenecho, chifukwa kuno ku Joni mlendo akadziwika kwambiri sizimuthera bwino. Ndinawamvera. Koma tsiku lina manijala anandiloza ndi cholembera n'kufunsa chimene chimandichedwetsa pantchito. Ndinayankha zoona, kuti ndimakhalira kudikira zidebe zochokera kumakina, ndipo patakhala njanji yamawilo zikhoza kumatsetsereka zokha mpaka patebulo langa.

Anayesadi, ndipo zinatheka. Posakhalitsa njanji zinaikidwa pamakina onse. Anandijambula nditavala ovololo yatsopano, chithunzicho n'kuchipachika pageti, pamene aliyense amadutsa polowa ndi potuluka. Pansi pake analembapo dzina langa ndi dziko lakwathu.

Panali abambo amene ntchito yawo inali yonyamula zidebezo. Sanawachotse ntchito, koma anayamba kuwaitana masiku owerengeka. Ambiri mwa iwo anali a ku Reiger Park, komwe inenso ndinkachita lendi kachipinda kamalata kuseri kwa nyumba ya mayi wina. M'kantini anasiya kundipatsa moni. Ndikakhala pabenchi, anthu ankasendera kumapeto. Amalume nawonso anayamba kukwera teksi ina.

Ndinapita kwa manijala kukapempha kuti achotse chithunzicho. Anaseka mwachifundo, akuti ndisachite manyazi, ena aphunzirepo. Ndinayesa kufotokoza, koma Chingelezi chinandithawa, ndipo foni yake inali ikulira.

Loweruka lina masana ndikuchapa panja, ndinaona mmodzi wa onyamula aja ataima pampanda. Ndinali ndisanamuuzepo kumene ndinkakhala. Anapempha madzi m'Chizulu, ndinam'patsa, anamwa pang'onopang'ono maso ali pachitseko changa.

"Chithunzi chako n'chokongola," anatero pobweza kapu. "Ngakhale ana anga akukudziwa tsopano."

Anachoka osatsanzika. Mayi eni nyumba anaona zonse ali pawindo. Madzulo anabwera kudzandiuza, maso ali pansi, kuti chipindacho akuchifunira mdzukulu wawo, ndipo kuli bwino ndisadikire kutha kwa mwezi.

Amalume anandipezera malo ogona kwa mnzawo ku Germiston, anatumizanso kagalimoto kapikiapu, koma amalumewo sanabwere. Tinapakira matilesi, kasitovu ndi chikwama Lamulungu m'mawa, anthu akupita kutchalitchi. Dalaivala anali wa ku Mozambiki, ndipo injini sanaizimitse nthawi yonseyo. Pakona, pafupi ndi kashopu kogulitsa buledi, panakhala amuna angapo pamakireti. Palibe anadzuka. Mmodzi yekha anakweza foni yake n'kuilozetsa kugalimoto, kuitsatira mpaka tinakhota.