Chala cha Kaisara wa kwa Malemia

A Makaiko anali munthu wamfupi, wamanyazi, woti ngakhale nkhuku ya Khirisimasi ankapempha mnzawo kuti awaphere. Moyo wawo wonse unathera m'dimba la kabichi m'mbali mwa mtsinje wa Domasi ndi panjinga yopita kumsika wa Songani. Koma Mulungu pogawa mawu anawapatsa a chimphona: akatsokomola m'dimba, agalu ankauwa kutsidya. Mawuwo ndi amene anawapezetsa ufumu.

Patchalitchi chawo chaching'ono cha Katolika, mwezi wa Juni uliwonse, Lamulungu lokumbukira amaritiri, pankachitika sewero la Akhristu oyamba. Analiyambitsa ndi wansembe wina wokalamba, ndipo anasankha a Makaiko kukhala mfumu ya Aroma, Diyokeleshani. Anati udindowo ukuwayenera, pakuti mfumu ija itazunza Akhristu inatula pansi ufumu n'kukalima kabichi kwawo. Dzinalo linkapota malilime, choncho anthu anangoti Kaisara, mpaka a Ramadhani ogulitsa lubani pa Songani ankawapatsa moni ndi dzina lomwelo.

Sewerolo silinkasintha. Kaisara ankakhala pampando atafunda nsalu yofiira, kutsogolo kwake kuli mbaula ya makala. Mtsikana mmodzi ankapatsidwa lubani kuti aponye pamoto polambira mfumu. Akakana, Kaisara ankamuloza chala n'kunena kuti, "Mutengeni." Asilikali a malupanga a makatoni ankamukokera kuseri kwa tchalitchi, mpingo n'kuimba nyimbo, kenako aliyense kwawo.

Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa bwinobwino. Kenako Jenifa, amene analozedwa chaka chimenecho, anamwalira ndi malungo mvula isanagwe. Anthu anati inali nthawi yake. Chaka chotsatira wolozedwa wina, Jacinta, anagundidwa ndi minibasi pa Songani. Chachitatu Lisa anakokoloka ndi madzi powoloka Domasi, pamalo pomwe ana amawoloka akusewera. Palibe amene ananena kanthu pamaso pa a Makaiko, koma amayi anayamba kubisa ana kumbuyo a Makaiko akamadutsa, ndipo pamsika ogula ankadzitolera okha kabichi, maso ali padzanja la mwini. Iwo eni anayamba kuchiopa chala chawocho. Mlendo akafunsa njira ankamulozera ndi milomo.

Anapempha kusiya. A komiti anakana, nati kusiya n'kuvomera kuti ufiti walowa m'tchalitchi, ndipo Mkhristu saopa chala. Pakamwa panali pokoma ndithu, koma atafunsa za mtsikana wa chaka chimenecho, makolo onse anazyolika. Amene anaimika mkono anali Agatha wa Fomu 3, mwana yekhayo wa a Makaiko, amene mayi ake anamusiya akuyamwa.

A Makaiko anamunyengerera masabata atatu. Sanamuuze kuti asiye, poti liuma la malemu mayi ake ankalidziwa, make mbuu mwana mbuu. Anangomupempha kanthu kamodzi: akapatsidwa lubani aponye. Kachidutswa kamodzi basi, utsi ufuke, anthu aseke, sewero lithe popanda wolozedwa. Agatha anayankha kuti atsikana atatu aja anakana pamaso pa mpingo, ndiye iye sangakhale woyamba kugwadira mbaula, ngakhale yamasewera.

"Ababa, mukulankhula ngati Kaisara weniweni," anatero.

Mawuwo anawalasa mtima, chifukwa anali oona.

Tsikulo kunacha kozizira, chiperoni chitaphimba phiri la Zomba. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo, ena a mipingo ina, obwera kudzaona osati kudzapemphera. Agatha anaima patsogolo pa mbaula. A Makaiko anamuikira okha lubani m'manja, n'kunong'ona kuti, "Ponya, mwana wanga." Iye anatambasula dzanja, lubani n'kugwera pasimenti.

A Makaiko anadzanena pambuyo pake kuti anaumva mkono ukukwera wokha, monga unazolowerera zaka khumi ndi zinayi. Anaulola kufika pachifuwa, n'kuupinda. Chala chinagunda nsalu yofiira imene anafunda ija.

"Kaisara watopa," anatero ndi mawu awo aja. "Mutengeni."

Asilikali anayang'anizana, kenako anawagwira m'mapewa n'kuwatulutsa. Ena anaseka pang'ono, n'kusiya msanga. Nyimbo sinaimbidwe.

A Makaiko anabwerera kudimba ali osangalala kuposa kale, zomwe zinaopsa anthu kwambiri. Anafolera nyumba, anamuyendetsa Agatha m'malire a dimba, anakalapa kwa wansembe. Mu Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo, mayi wina wopita kukachapa anawapeza atakhala tsonga pakati pa mizere ya kabichi, atamwalira kale, keni yothirira ili pambali yodzaza madzi. Kuchipatala anati ndi mtima.

Sewero lija silinachitikenso, ndipo nsalu yofiira ili m'kabati, palibe woichapa. Agatha ndi mphunzitsi tsopano. Za chala sakhulupirira, amatero poyera, ngakhale fungo la lubani limamutulutsa panja. Koma amuna amene anasambitsa mtembo amanena kuti dzanja lamanja linakana kutambasuka. Chala chija chinali chitapindikira m'kati, chachikulu chitachipanikiza zolimba, ndipo anawaika m'manda chili chomwecho.